Chesi ya pa Lichess kwa ife osaona: kumeneko palibe wondimvera chisoni

Ndine munthu wosaona, ndimakhala cha ku Mpondasi kuno ku Mangochi, ndipo ndemanga iyi ndikulemba ndekha pa laputopu yakale yomwe imandiwerengera zonse kudzera mu NVDA, pulogalamu yowerengera osaona mokweza zomwe zalembedwa pa kompyuta. Ndayamba ndi zimenezi dala. Ndemanga zambiri za magemu a anthu osaona zomwe ndamvapo zimachokera kwa anthu openya, amene anatsinzina kwa mphindi khumi, n'kutsegulanso maso, n'kumati ayesa. Kwa ine kutsegulako kulibe. Matenda a glaucoma ananditengera maso ndili ndi zaka 34, ndipo pa zinthu zimene ndinazitsanzika nthawi imeneyo, chesi inali pomwepo.

Bawo sindinasiye, poti ndi masewera a zala: upapasa m'maenje, uwerenga njere, utakata. Koma tsiku lina tikusewera pansi pa mtengo wa mango ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti, "Asiyeni adye, akuluwa saona." Ankaganiza kuti makutu nawonso anapita limodzi ndi maso. Kuchokera tsiku limenelo kupambana kwanga konse kunasukuluka, chifukwa sindinkadziwanso ngati ndapambana ndi nzeru zanga kapena andipatsa ngati chopereka.

Amene anandibweretsera Lichess ndi mwana wa achemwali anga, wa ku sekondale. Anati, "Amalume, pa intaneti pali chesi yoti mutha kusewera nokha, ndipo amene mukusewera naye sangadziwe n'komwe kuti simuona." Ndinamuuza kuti asandinyengerere ngati kamwana. Lero patha miyezi isanu ndi itatu ndikusewera pafupifupi tsiku lililonse, ndiye ndaona kuti ndili ndi poimapo kuti ndinene maganizo anga. M'miyezi yomweyi ndayesanso magemu ena awiri, A Blind Legend ndi QuentinC's Playroom, ndipo ndizikhudza pang'ono kumapetoku.

Lichess ndi yaulere, yopanda zotsatsa malonda. Anaiyambitsa Thibault Duplessis, wa ku France, mu 2010, ndipo imayenda ndi ndalama zomwe osewera amapereka mwakufuna kwawo. Zoti mulibe zotsatsazi munthu wopenya angazione ngati zazing'ono. Kwa ife n'zazikulu, chifukwa pulogalamu yowerenga sisankha: ikapeza malonda a sopo imakuwerengera sopoyo, iwe uli kalikiliki kufuna batani loyambira. Pa Lichess, chinthu choyambirira chomwe NVDA imakumana nacho ukatsegula ndi batani loyatsira blind mode. Ukalidina, bolodi ya zithunzi ija imasanduka mawu ndi malo olembamo. Ukafuna kuyenda umangolemba e4 kapena Nf3, monga momwe tinkalembera m'kope ku kalabu ya chesi kusukulu, n'kudina Enter. Mnzako akayankha, mawu amakuuza pomwepo. Ukasokonezeka umalemba l, ikubwerezera kuyenda komaliza. C ikuuza nthawi yomwe yatsala. P ndi chilembo cha chida ikuuza pomwe zida za mtundu umenewo zili. Mwana uja anakhala nane masiku awiri okha. Tsiku lachitatu ndinayatsa ndekha, kupeza wosewera naye ndekha, n'kugonja ndekhanso, ndipo ndinagona mtima uli mbee.

Eya, kugonja. Masabata oyambirira ndinapunthidwa koopsa. Aliyense amayamba ndi mlingo wa luso wa 1500, ndipo wanga unatsetsereka ngati bwato lomasuka pa Shire mpaka unakaima cha m'ma 1100. Wina, yemwe dzina lake NVDA inalephera n'kulitchula komwe, anandidyera mfumukazi tisanafike n'patali pomwe, ndipo sanapepese, sanandibwezere, sanafunse kuti kodi bambo muli bwino. Anangomaliza ntchito yake n'kumapita. Mwina mudabwa, koma ndinaseka mpaka mayi a kunyumba anabwera kudzafunsa chachitika. Kanali koyamba m'zaka zambiri kuti munthu andimenye ndi mphamvu zake zonse. Panopa ndakwera kufika m'ma 1300, ndipo nambala iliyonse pamenepo ndi thukuta langa.

Kusunga mabokosi 64 m'mutu ndi ntchito, musanamizidwe. Osewera osaona a m'mipikisano amagwiritsa ntchito bolodi yapadera: mabokosi akuda ndi otukuka pang'ono, bokosi lililonse lili ndi bowo, zida zili ndi kamtengo kolowa m'bowomo kuti zisagwe ukamapapasa, ndipo zakuda zili ndi kachizindikiro pamutu. Ine ndinafotokozera kalipentala wina wa pafupi ndi msika, yemwe amasema mabawo, ndipo anandipangira yotero. Pamitu pa zida zakuda anakhomapo timisomali ta nsapato. Poyamba ankati ndikumupangitsa bawo wa azungu. Ndiye ndimakhala laputopu kumanzere, bolodi kumanja. Ndikamva kuyenda kwa mnzanga ndimasuntha chida chake pathabwapo, n'kupapasa, n'kuganiza. Zimadya nthawi, n'chifukwa chake masewera othamanga a mphindi imodzi kapena zitatu sindiwayandikira. Ndimasankha a mphindi 15 kapena 30.

Nanga za kuno kwathu, magetsi ndi netiweki? Apa ndi pomwe gemu yabwino imadziwikira. Bandulo sidya kwenikweni, poti zomwe zikuyenda ndi zilembo chabe. Ya sabata imodzi imandikwanira bwinobwino ngati ana sanaipezerere ndi mavidiyo awo. Koma netiweki ikaduka uli pakati pa masewera, nthawi yako imangopita, ndipo ukachedwa kubwerera mnzako ali ndi ufulu wotenga chipambano. Zinandichitikira usiku wina wa mu Okutobala, kutentha kuja kwa kunyanja koti ngakhale mphasa imawotcha. Ndinali nditamupanikiza munthu pakona, magetsi phethi, foni yomwe ndimalumikizira intaneti n'kuthimanso poti batire inali itatha kale. Pobwerera ndinapeza ndagonja. Ndinadandaula, koma mlandu si wa gemu; mnzangayo akanadikira mpaka liti? Mankhwala ake ndinawapeza momwemo: pali masewera a correspondence, omwe kuyenda kumodzi umapatsidwa tsiku lathunthu kapena masiku angapo, mpaka 14. Magetsi athime, mwera uwombe, upite kumaliro ku Namwera n'kugonako, ukabwera masewera ako ali pomwe unawasiya. Kwa munthu wa ku Mangochi, ichi chokha chikuposa zokometsera zonse.

Zovuta zilipo. Kwa ine zonse zimamveka m'Chingerezi, ndipo amene sanazolowere liwiro la mawu a NVDA adzatopa msanga. Wosadziwa kalembedwe ka chesi ayambe waphunzira kaye kuti a mpaka h n'chiyani, 1 mpaka 8 n'chiyani, apo ayi angomva ngati wailesi yosokonekera. Pa foni ya Android ndi TalkBack, pulogalamu yake yowerengera osaona, ndinayesa, zimatheka, koma zala zanga zimachedwa ndipo ndimalakwitsa zilembo. Kiyibodi yeniyeni ilibe mnzake.

A Blind Legend ndi nkhani ina. Inapangidwa ndi kampani ya ku France yotchedwa Dowino, inatuluka mu 2015, ndipo ilibe chithunzi n'chimodzi chomwe. Wopenya ndi wosaona amalowa mumdima umodzi. Umakhala msilikali wosaona, Edward Blake, ndipo amene amakutsogolera ndi mwana wako wamkazi, Louise. Umamva mawu ake kutsogolo, kumanzere, kumbuyo, n'kumamutsatira pokhwekhwereza chala pa foni. Mdani akabwera umamva mbali yomwe akuchokera n'kutema komweko. Chenjezo langa: popanda mahedifoni abwino musayambe. Oyamba omwe ndinagula pamsika khutu limodzi linkangolira pang'ono, ndiye adani onse ankamveka ngati akuchokera kumanja, ine n'kumatema mphepo. Nditapeza ena abwino, tsitsi linandiimirira. Mapazi a kavalo, madzi, mphepo, zonse zimazungulira mutu ngati uli pomwepo. Komanso ndinene zoona, kutsogoleredwa ndi mwana wamkazi kunandikhudza pena pake, chifukwa ndi momwe ndimapitira kumsika Loweruka lililonse, dzanja langa paphewa pa mwana wanga wachisamba. Mwina n'chifukwa chake nditaimaliza sindinabwererekonso. Ndi nthano yokoma, koma nthano ukaimva kamodzi wadziwa mathero ake, ndipo ine sindisewera kuti andikumbutse zoti ndimatsogoleredwa.

QuentinC's Playroom ndi ngati bwalo la masewera la pa intaneti lomwe anamangira dala anthu osaona, ndipo ndi laulere. Muli Uno, domino, poker, Monopoly ndi ena ambiri. Umatsegula tebulo, anthu n'kulowa, mukucheza uku mukusewera, ndipo anthu akasowa umaika maloboti. Zonse ndi pa kiyibodi. Ndimalowako Lamlungu madzulo ndikafuna kuseka. Anthu ake ambiri amalankhula Chifalansa kapena Chingerezi, ndipo wa Chichewa sindinakumane naye. Ndaiika pachiwiri, pamwamba pa A Blind Legend, chifukwa sitha. Sinafike poyamba chifukwa kumeneko ambiri ndife osaona tokhatokha, pomwe pa Lichess ndimakhala pabwalo limodzi ndi dziko lonse.

Ndikudziwa kuti kunja amasanja mwa njira ina. Pa The Game Awards, mwambo wopereka mphotho kwa magemu, anayambitsa mphotho ya Innovation in Accessibility mu 2020, ndipo yoyamba inapita kwa The Last of Us Part II, yomwe ili ndi njira zoposa 60 zothandizira anthu olumala, moti osaona ena anaisewera mpaka kumapeto. Mu 2023 inapita kwa Forza Motorsport, momwe munthu wosaona amayendetsa galimoto ya mpikisano pomvera timabelu tomuuza pokhota ndi poponda mabuleki. Palinso The Vale: Shadow of the Crown ya mu 2021, yomwe anaipanga ku Canada mothandizana ndi bungwe la osaona la CNIB. Ndimawavulira chipewa anthu amenewa, ndipo tsiku lina ndidzafuna kumva galimoto imeneyo ikulira m'makutu mwanga. Koma sindingawaike pa mndandanda wanga poti sindinawagwirepo. Awiri oyambawo amafuna PlayStation, Xbox kapena kompyuta yamphamvu, ndalama yoti kuno ungagulire njinga zingapo za kabaza n'kuyamba bizinesi. Oweruza a kumeneko safunsa kuti gemuyi ilowa pa laputopu ya zaka khumi, kapena kuti chichitike n'chiyani magetsi akathima.

Ndiye nyenyezi zanga zili motere: Lichess zisanu, Playroom zinayi, A Blind Legend zitatu ndi theka, thekalo ndi la Louise. Kwa aphunzitsi a ana osaona m'boma lino ndingoti, NVDA ndi yaulere, anaiyambitsa mu 2006 anyamata a ku Australia omwe nawonso saona, ndipo kalipentala aliyense wodziwa kuboola bawo angapange bolodi ija mukamufotokozera bwino. Mungomuuza akhwimitse timitengo ta pansi pa zida. Ta akavalo anga awiri tinathyoka mwezi woyamba.

Pomwe ndikulemba pano ndili ndi masewera atatu a correspondence omwe akuyenda. M'modzi mwa anthuwo wandiikira msampha pa f7, ndaupapasa pathabwa dzulo usiku ndipo ndauzindikira. Ndatsala ndi masiku awiri oti ndimuyankhe, koma mwana wa achemwali uja, yemwe tsopano ndimamugonjetsa, waletsedwa kuyandikira bolodi mpaka nditayenda.