Kanema akamaduka poimbira kumudzi: kutsegula ma port, UPnP, DMZ kapena QoS?

Ambirife kuno ku Harare, kaya ku Mbare, ku Highfield kapena ku Mufakose, tili ndi abale ku Malawi amene timafuna kuwaona nkhope, osangomva mawu okha. Vuto lake mukulidziwa. Mwaimba pa WhatsApp madzulo, mawu akumveka, koma chithunzi chauma, amayi aima kukamwa kuli yasa, dzanja lili m'mwamba. Mukafunsa odziwa, aliyense ali ndi mankhwala ake: uyu akuti tsegulani ma port, uyo akuti yatsani UPnP, wina akuti ikani foni mu DMZ basi. Njirazi sizifanana, ndipo zimene zimatchuka kwambirizo ndi zimene sizithandiza kwenikweni masiku ano.

Choyamba timvetse ntchito ya rauta, kabokosi kaja kamene kamagawa intaneti m'nyumba. Nyumba yonse imatulukira pa intaneti ndi adilesi imodzi, ndipo rauta ndi amene amakumbukira kuti yankho ili ndi la foni iti. Ntchitoyi imatchedwa NAT. Rauta ali ngati mlonda wa pageti: amene watuluka amamulola kubwerera ndi katundu wake, koma mlendo wongofika osaitanidwa amamubweza.

Port ili ngati khomo la nambala limene uthenga umalowerapo. Kutsegula port pamanja ndi kuuza rauta kuti chilichonse chofika pa nambala yakuti achipititse ku chipangizo chakuti. UPnP imachita zomwezo, kungoti pulogalamu ndi imene imadzipemphera yokha. Kale, nthawi ya MSN Messenger, imene Microsoft inaithetsa mu 2013, njira ziwirizi zinali zofunikadi, chifukwa kamera imakana kulumikiza ngati rauta watseka. Malangizo ambiri amene anthu akupatsirana lero anachokera nthawi imeneyo. Mapulogalamu a masiku ano amayambira mkati kutuluka kunja. WhatsApp ndi Google Meet amagwiritsa ntchito UDP, njira yotumizira mawu ndi kanema mwachangu, pa port 3478, Zoom pa 8801 mpaka 8810, ndipo mafoni awiri akalephera kupezana mwachindunji, kanema amadzera pa seva ya kampaniyo. Choncho palibe chimene mukufunika kutsegulira obwera kuchokera kunja. Chofunika n'chakuti rauta asatseke UDP yotuluka.

Pali chinanso chimene chimagwetsa njira ziwirizi. Makampani ambiri, makamaka a LTE (intaneti ya 4G yodzera pa netiweki ya mafoni) komanso Starlink pa mapulani wamba, amagawira makasitomala ambiri adilesi imodzi, zimene amati CGNAT. Lowani mu rauta wanu, nthawi zambiri pa 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, muone adilesi ya WAN, imene rauta amatulukira nayo kunja. Ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, dziwani kuti kutsogolo kwanu kuli NAT ina ya kampani, ndipo port imene mwatsegula kunyumba sikuonekera kunja. Pa ziwirizi, UPnP ndi yosavuta ndipo imathandiza ana osewera magemu, koma imalola pulogalamu iliyonse, ngakhale yoipa, kudzitsegulira njira. Ngati cholinga ndi kuimba basi, ine ndimaisiya yozima.

DMZ ndiye musayese n'komwe. Imatumiza zonse zochokera kunja ku chipangizo chimodzi popanda kusefa, ndipo kanema sawongokera pamenepo.

Kumene kusintha kwa NAT kumathandizadi ndi m'nyumba za ma rauta awiri. Izi n'zofala kuno, kumene a landilodi amakoka intaneti m'nyumba yaikulu, ndiye wokhala kukanyumba kakuseri n'kugula rauta wakewake, kulumikiza ndi chingwe. Ma rauta onse awiri akamachita NAT, mafoni amavutika kupezana mwachindunji ndipo kuimba kumazungulira kutali. Wachiwiriyo muikeni pa access point mode, kapena woyambayo pa bridge mode ngati eni ake alola, kuti rauta mmodzi yekha azichita NAT. Ndi ntchito ya mphindi zochepa ndipo siitsegula chilichonse choopsa.

Koma imene ndimaikonda kuposa zonse ndi QoS, njira youzira rauta zimene ayambe kudutsitsa, chifukwa imagwira pamene pali vuto lenileni. Tikamagula intaneti timayang'ana liwiro lotsitsira, pomwe kuti agogo akuoneni bwino pamafunika liwiro lokwezera. Zoom imanena kuti kanema wa 720p wa anthu awiri amafuna 1.2 Mbps kupita ndi kubwera komwe. ADSL yodzera pa waya wa telefoni imakweza pafupifupi 1 Mbps ikakhala bwino. Ndiye taganizani madzulo onse abwera kunyumba: mafoni alumikiza pa WiFi, a mwana wamkulu ayamba okha kukweza zithunzi za tsiku lonse ku Google Photos, mlamu wanu akuika kanema wa kutchalitchi pa status. Mawu ndi nkhope yanu zimaima pamzere kuseri kwa zonsezo, n'kufika mochedwa, ndipo pulogalamu imataya zimene zachedwa. Ndiko kuuma kwa chithunzi kuja. Pa QoS mumasankha foni yoimbira kuti izikhala patsogolo, kapena mumaikira zipangizo zina malire. Rauta akafunsa liwiro la intaneti yanu, lembani locheperako pang'ono kuposa limene mwayeza, kuti mzerewo ukhale mwa rauta wanu momwe iye angathe kuulamulira. Ma rauta ena opatsidwa ndi kampani alibe QoS. Zikatero, uzani a m'nyumba kuti aimitse zokweza mpaka mutamaliza kuimba.

QoS imayenda limodzi ndi nkhani ya WiFi, imene ili ya mitundu iwiri. Ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imaboola makoma, koma m'mafulati momwe khomo lililonse lili ndi rauta wake imadzadza msanga. Ya 5 GHz ndi yopanda phokoso lambiri koma siipita kutali, choncho poimba khalani chipinda chimene muli rauta. Mutulutseninso kuseri kwa TV, mumuike pamwamba poonekera.

Mu WhatsApp momwemo muli zosankha ziwiri zoyenera kuziona. Protect IP address in calls, imene inabwera mu 2023, imadutsitsa kuimba konse pa seva zawo, ndipo iwo eni amachenjeza kuti ubwino wa kuimba umatsika. Poimbira abale anu enieni mukhoza kuizimitsa. Use less data for calls imachepetsa data yofunika poimba, ndipo imathandiza kwambiri ikayatsidwa mbali ya kumudzi, kumene ambiri amadalira bandulo ya pafoni.

Musanakhudze chilichonse mu rauta, zimitsani WiFi muimbe ndi data ya pafoni. Kanema akayenda bwino, vuto lili m'nyumba mwanu, ndiye yambani ndi QoS ndi 5 GHz, kenako muone za ma rauta awiri. Akadukabe, vuto nthawi zambiri limakhala kutsidya. Malawi ndi Zimbabwe ali pa ola limodzi, kotero madzulo netiweki imadzadza mbali zonse nthawi yomweyo. Panganani ndi amayi kuti muziimbirana m'mamawa, ndipo apemphe mdzukulu awasonyeze malo a pabwalo amene netiweki imagwira bwino.