Internship ya boma ndi ya kukampani: ndinalawa zonse ziwiri

Anzanga amene tinamaliza nawo maphunziro ku yunivesite ya MUBAS akhala akundifunsa ngati kuli bwino kulembera internship (kukaphunzira ntchito uku mukuigwira) ya boma, yomwe inayamba mu 2018 pansi pa Unduna wa Zantchito, kapena kukagogoda m'makampani a ku Makata ndi ku Limbe. Ndiyankha pano kamodzi.

Pa kalemberedwe kusiyana n'kochepa, chifukwa konseko kumafunika makope a digiri ndi chiphaso cha unzika. Ku boma mumadikira chilengezo, ndipo mayina akatuluka mumapita komwe akutumizani, ngakhale ntchito yake itatalikirana ndi zomwe munaphunzira. Ku kampani khomo mumasankha nokha, ndipo pamenepa kampani yapambana.

Koma chomwe chinandipweteka ndi pangano la pakamwa. Kampani ina ku Makata inanditenga popanda kalata iliyonse, bwana wake n'kundiuza mu ofesi mwake kuti ndizilandira ya thiransipoti kumapeto kwa mwezi. Ndinkachokera ku Bangwe, kukwera minibasi mpaka ku Limbe, kukweranso ina n'kutsikira pa Chichiri, kotsalako wapansi, ndipo ndalama yonseyo inkachokera pa geni ya mandasi ya mayi anga. Mwezi woyamba anati akawunti sanasaine. Mwezi wachiwiri anati makasitomala sanalipire. Pofika mwezi wachisanu, nsapato zitatha chidendene, ndinapempha kalata yondichitira umboni kuti ndinagwirako ntchito, koma mlembi wawo anatsegula faelo pamaso panga n'kundionetsa kuti dzina langa mulibe. M'mabuku awo ndinali mlendo wongodutsa, ngakhale kuti malipoti a sitoko a miyezi yonseyo ndinkalemba ndine.

Ku boma ndinalandira kalata yokhala ndi chidindo, yotchula ofesi yomwe anditumiza, ndipo ndinapatsidwa wondiyang'anira amene anasainira lipoti langa pomaliza. Ndalama ya pamwezi ndi kangachepe, yosakwanira lendi ndi chakudya mu Blantyre muno, komanso palibe amene amakulonjezani ntchito yokhazikika mukamaliza. Komabe kalata ija ndi imene ndinaitulutsa pa intavyu yomwe inandipatsa ntchito yomwe ndili nayo lero.

Ndikudziwa kuti makampani ena amasamala ophunzira awo, ndipo mwina mkwiyo ukundilankhulitsa. Ngakhale zili choncho, mng'ono wanga ndamuuza kuti alembere ya boma, ndipo kampani ikamuitana msanga, asayambe ntchito asanagwire kalata yotchula ndalama ndi tsiku lomalizira.