Ejenti wa katundu wa pandege analemba "mafuta odzola" pa mankhwala anga, phukusi silinafike mpaka lero

Abale anzanga a kuno ku UK, makamaka azibambo, nkhaniyi ndakhala nayo mumtima miyezi itatu. Imakhudza za kuchipinda, nchifukwa chake ndinkazengereza kuitulutsa. Koma dzulo ndaona ejenti yemwe uja akulengezanso pa gulu lathu la WhatsApp kuti katundu wa pandege anyamuka Lachisanu, ndipo anthu akulembetsa.

Ine ndimadzola gel ya testosterone, homoni ya chimuna. Ndinadwala matsagwidi ndili wamkulu kale, ndipo matendawo anatsikira kumusi. Patapita zaka thupi linayamba kufooka, ndinkadzuka wotopa ngati sindinagone, ndinkapsa mtima ndi zinthu zosadziwika bwino, ndipo chilakolako chinazimiratu. GP, dokotala amene timayambira kuonana naye kuno, ananditenga magazi kawiri, maulendo onse m'mawa chifukwa ndi pamene homoniyi imakhala yambiri m'thupi, kenako ananditumiza kwa dokotala wa mahomoni. Kuchokera pamenepo ndimadzola kapaketi kamodzi m'mapewa m'mawa uliwonse. Bokosi limakhala ndi timapaketi 30, mwezi umodzi basi.

Bambo atatisiya ndinanyamuka mothamanga kupita ku Salima ndi bokosi limodzi, poganiza kuti ndikhala masabata atatu. Maliro atatha panabuka nkhani ya munda, amalume anati sindingachoke tisanakhale pansi kwa amfumu. Masabata atatu anasanduka asanu ndi awiri. Nditaona kuti timapaketi tatsala pang'ono ndinauza mayi a kunyumba kuti akanditengere bokosi lina ku famase, apeze njira yonditumizira.

Anayamba kwa mayi amene timatumiza nawo ma diramu a pa kontena chaka ndi chaka. Mayiwo anakana pomwepo. Anati testosterone kuno ali m'gulu la mankhwala otetezedwa ndi lamulo, Class C, sangangoponyedwa m'katoni ngati nsapato, komanso gel imeneyi ili ndi alcohol wambiri, imayaka moto, ndipo a ndege amaiona ngati katundu woopsa. Tinawakwiyira tsiku limenelo. Tinkati atitaya pa nthawi ya maliro.

Ndiye tinapita kwa mkulu wa pandege uja. Iye sanafunse ngakhale funso limodzi. Anati mubweretse, masiku 7 likhala lili ku Lilongwe, mapaundi 45 zonse pamodzi, mpaka kiliyaransi. Risiti sanapereke, anangotumiza chithunzi cha pepala lolemba pamanja. Mayi a kunyumba atachiyang'anitsitsa usiku anapeza kuti pa dzina langa palembedwa "mafuta odzola". Atamufunsa anati ndi mmene zimadutsira mosavuta, musade nkhawa alamu.

Masiku 7 anakwana, zii. Tsiku la 10 anati katundu wakakamira ku Addis Ababa. Tsiku la 14 anandiimbira mnyamata wake wa ku Lilongwe kuti phukusi lafika koma pakufunika K120,000 ya kiliyaransi, ija tinauzidwa kuti talipira kale. Ndinapempha pepala la boma losonyeza ndalamayo, anati mapepala amatuluka mukalipira. Ndinatumiza, chifukwa pamenepo nkuti ndatha sabata osadzola. Ndinakwera minibasi kuchoka ku Salima m'bandakucha, ndinakhala pa shopu imene anandiuza kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko masana, mnyamatayo foni atathimitsa. Mawa lake anati katoni yanga yasakanikirana ndi ya munthu wa ku Mzuzu, ibwera ndi basi. Patapita masiku atatu anatchulanso K35,000, akuti ya malo osungira. Imeneyo sindinapereke, ndipo kuchokera tsiku limenelo mauthenga anga amangowerengedwa osayankhidwa.

Amene sadziwa mankhwalawa angaone ngati ndikulira bokosi chabe. Gel sikhalitsa m'thupi, ukasiya kudzola pakangotha masiku ochepa homoni imatsikanso pomwe inali. Ndinakhala pa bwalo la amfumu pa nkhani ya munda wa bambo anga mutu uli wolemera, mawu osatuluka bwino, thupi lonse lofooka. Asuweni anga, mwa chikondi chawo, anandibweretsera gondolosi. Wina wa ku gym m'tauni anati ali ndi jekeseni wake. Ndinakana jekeseniyo ndipo inunso mukane. Testosterone imatha kulimbitsa magazi mopitirira muyezo, nchifukwa chake amatiyeza magazi ndi prostate (kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo) pafupipafupi, ndipo imachepetsa mbewu ya abambo, moti amene akufunabe ana ayenera kukambirana ndi dokotala asanayambe.

Chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni si ndalama. Bokosi lija lili m'nyumba ya munthu penapake, kapena linagulitsidwa pa benchi, litatchedwa mafuta odzola. Ine ndikadzola ndimasamba m'manja ndi sopo, ndimadikira kuti iume, ndimavala malaya ndisananyamule mwana, chifukwa gel imeneyi imachoka pa khungu langa kupita pa khungu la wina. Mwana akamaikhudza kawirikawiri amatha kumera tsitsi la kumusi nthawi isanakwane. Kwa mayi woyembekezera ndi yoopsa kwa khanda. Munthu amene analemba mawu awiri aja kuti apeze mapaundi 45 sanaganizire zimenezi, ndipo sindinamukhululukire.

Kwa amene muli pa mankhwala ngati awa, kaya a shuga kapena a BP, mukamapita kumudzi nyamulani nokha m'chikwama cha m'manja, m'bokosi lake lokhala ndi dzina lanu, pamodzi ndi kalata ya dokotala yotchula mankhwalawo, mlingo wake ndi masiku a ulendo. Uzani GP msanga kuti akulembereni owonjezera, chifukwa ulendo wa maliro sudziwika potha. Mukafika asungeni pa malo ozizira, osati m'galimoto yoima pa dzuwa la Okutobala. Ndipo pa katundu wina aliyense, ejenti wopanda risiti yeniyeni, wopanda nambala yolondolera phukusi, amene wakulemberani dzina labodza pa katundu wanu, mudziwe kuti likasowa mulibe poyambira kudandaula. Pa pepala lake ine sindinatumize mankhwala, ndinatumiza mafuta.

Nditabwerera ndinapita kwa mayi a ma diramu aja kukapepesa. Diramu ya Khirisimasi ya amayi ndi azichemwali anga ndalembetsa kale kwa iwo, ngakhale mtengo wawo ndi wokwererapo ndipo kontena imatenga miyezi iwiri kapena itatu. Kwa ejenti wa pandege ndinalembanso uthenga Lolemba lapitali, kumupempha kuti ngati ndalama sabweza, andiuze chabe kumene bokosi lija linathera kuti ndikachenjeze anthu a nyumbayo. Wawerenga, sanayankhe.