IUI kapena IVF: Thupi la Mayi Likamalimbana ndi Umuna

Amayi ena amavutika kutenga pakati chifukwa thupi lawo limapanga ma antibody olimbana ndi umuna. Asilikali a m'thupiwa amapezeka m'chikazi cha pakhomo la chiberekero. Amamatirira ku mbewu ya abambo mpaka imalephera kusambira, n'kumangonjenjemera pamalo amodzi.

IUI ndi IVF ndi njira ziwiri zothandizira mayi kutenga pakati. Pa IUI, dokotala amatsuka umuna n'kuulowetsa m'chiberekero ndi kachubu kowonda, kulambalala khomo lija, pa nthawi imene dzira likutuluka. Njirayi ndi yotchipirapo ndipo imatha m'mphindi zochepa, koma imafuna kuti machubu a mazira akhale otseguka. Chodandaulitsa n'chakuti ma antibody akhoza kukhalanso mkati mwa chiberekero ndi m'machubumo, ndiye mbewu imakakumana nawobe kutsogoloko.

IVF, imene inabweretsa Louise Brown, mwana woyamba kubadwa kudzera m'njirayi, ku England mu 1978, imakumanitsa dzira ndi umuna mu labotale, kutali ndi chikazi chija. Imadula kwambiri, mayi amabayidwa jakisoni wa mahomoni masiku angapo, ndipo mazira amatengedwa ndi singano.

Ine ndikuona kuti mayi wachitsikana wa machubu abwino ayambe ndi IUI. Amene wapitirira zaka 35 asataye miyezi yambiri akuibwereza, chifukwa mazira amachepa akamakula. Akambirane za IVF ndi dokotala msanga.