Ndemanga: Toyota Hilux 2.5 D-4D ikadutsa makilomita 250,000, muisunge kapena muigulitse?

Hilux ya 2.5 D-4D, ya mtundu umene unatuluka pakati pa 2005 ndi 2015, tikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Yachisanuyo yapita chifukwa cha ma injekita, timipopi topopera dizilo mu injini, ndipo tifika pamenepo. Zoti pikapu imeneyi ndi yolimba aliyense anaziona kale. Funso limene eni ake ali nalo lero ndi loti aisunge mpaka liti. Maganizo athu ndi akuti zaka zake musaziwerenge n'komwe, ndipo nambala ya pa dashibodi muziikhulupirira pang'ono chabe. Choyenera kuyang'ana ndi chasisi, mkati mwa injini, ndi masiku amene galimoto ikugona ku galaja. Zitatuzi zikakhala bwino, Hilux ya zaka 15 ilibe chifukwa chochokera pakhomo.

Injini yake ndi 2KD-FTV, ya 2,494 cc, ya dizilo, yokhala ndi turbo. Zambiri zimene zili m'misewu yathu ndi zija za mphamvu ya 75 kW, pomwe zina za zaka zomalizira zimafika 106 kW. Ya 75 kW ija siyothamanga. Mukaisenzetsa katundu n'kuyamba kukwera Chiweta kapena Golomoti, mudzakhala mu giya yachiwiri ndi yachitatu nthawi yaitali, malole ena akukuyang'anani m'mbuyo. Koma kufatsa komweko ndi kumene kumaisunga, chifukwa injini yosapanikizidwa imachedwa kutha. Pa tala, isananyamule katundu, lita imodzi imakufikitsani makilomita 11 kapena 12 ngati phazi lanu ndi lopepuka.

Makilomita 150,000 oyambirira alibe nkhani. Oyilo, pafupifupi malita 7 pamodzi ndi fyuluta yake, mabuleki, matayala, batire, basi. Bukhu la galimoto limati oyilo azisinthidwa pa makilomita 10,000 alionse, koma limanenanso kuti m'misewu ya fumbi, kapena galimoto ikamanyamula katundu wolemera kawirikawiri, mtundawo uzidulidwa pakati. Pikapu yotuta fodya, chimanga kapena njerwa m'misewu ya kumudzi ili m'gulu limenelo, choncho yake ndi 5,000. Amene amatsatira zimenezi ndi amene galimoto zawo zimadutsa 400,000 injini isanatsegulidwepo.

Pa 150,000 pamayaka nyali yolembedwa T-BELT. Lamba wa timing asinthidwe pomwepo, pamodzi ndi tensioner ndi idler yake, ndipo amakaniko ambiri amasinthira limodzi water pump poti malo ake amakhala atatseguka kale. Lambayo akaduka injini ili mkati moyenda, ma pisitoni amamenya ma valavu n'kuwapinda, ndiye ntchito ya tsiku limodzi imasanduka yotsitsa hedi. Dziwaninso kuti nyali ija imazimitsidwa pamanja. Kuzima kwake si umboni woti lamba anasinthidwa. Pogula galimoto yakale, kapena poitenga ku galaja, pemphani kuona lamba wakaleyo.

Tsopano ma injekita. Injini imeneyi imapopera dizilo pa mphamvu yopitirira ma bar 1,000, kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso. Dontho la madzi kapena kafumbi kakadutsa fyuluta, kamapala mkati mwa injekita ndi pampu. Nthawi ya kusowa kwa mafuta anthu ambiri amathira dizilo wa m'zigubu, wina wosakanizidwa ndi palafini, wina wotungidwa m'migolo ya dzimbiri. Injini zakale za Toyota zotchedwa 3L ndi 5L zinkapirira zimenezo. D-4D siipirira. Nyali ya fyuluta ya dizilo ikayamba kuphethira, kusonyeza kuti muli madzi, imani, masulani kampopi ka pansi pa fyulutayo, pompani ndi batani la pamwamba mpaka madzi atha ndipo patuluke dizilo yekhayekha. Kuyenda ndi nyali imeneyo mpaka Loweruka ndi njira yachidule yogulira ma injekita anayi.

Injekita yotha imadziwika ndi kugogoda kwa injini m'mawa ikadali yozizira, utsi wakuda pokwera mtunda, ndi kudya mafuta. Musagule zatsopano chifukwa cha khutu la makaniko lokha. Alumikize kompyuta, injini itenthe, kenako awerenge nambala zosonyeza mmene kompyuta ya galimoto ikuwonjezerera kapena kuchepetsera dizilo pa silinda iliyonse. Zikakhala pakati pa -3 ndi +3 ma injekita akadali m'malire. Imodzi ikatuluka m'menemo, nthawi yakwana. Zatsopano zikaikidwa, nambala zolembedwa pamutu pa iliyonse ziyenera kulowetsedwa mu kompyuta ya galimoto. Magalaja ena amadumpha gawo limeneli, mwini n'kumadabwa kuti injini ikugogodabe atalipira ndalama zonse zija.

Chimene chapha injini zambiri za mtundu uwu, komabe, ndi kanthu kotchipa kwambiri: washa imene injekita imakhalapo. Washayo ikayamba kudontha, mpweya wotentha wa m'silinda umakwera m'mbali mwa injekita n'kukakumana ndi oyilo wa pamwamba pa hedi. Oyiloyo amapsa n'kusanduka timakala. Timakalato timatsikira mu sampu, n'kutseka kasefa kamene pampu imakokera oyilo. Mwini sadziwa kanthu mpaka tsiku limene nyali ya oyilo idzaphethire pa msewu, ndipo pofika pamenepo ma bearing amakhala atayenda kale opanda oyilo. Injini yanoka. Chizindikiro choyambirira chimakhala utsi woyera kapena wobiriwira umene umatuluka kamphindi mukangoliza m'mawa. Njira yodziwira ndi yapafupi: pokhutula oyilo, makaniko awalitse tochi kapena kakamera pa bowo la sampu, chifukwa kasefako kali pamwamba pa bowolo. Kakaoneka koyera, mtima pansi. Kakaoneka kamatidwa zakuda, sampu itsike tsiku lomwelo ndipo ma washa onse anayi asinthidwe. Komanso nthawi iliyonse injekita yazulidwa, ngakhale pongofuna kuyeza ma valavu, washa yakale isabwererenso. Toyota inasintha mtundu wa ma washa amenewa patapita zaka, ndiye gulani atsopanowo, osati amkuwa ongofanana kukula a pa msika.

Vuto lina limene limachititsa anthu kugulitsa galimoto yabwinobwino ndi kavalavu ka pa pampu ya dizilo kotchedwa SCV. Kakayamba kukakamira, galimoto imazima pa mphambano, kapena imataya mphamvu mwadzidzidzi nyali ya injini n'kuyaka. Mukazimitsa n'kulizanso imayenda ngati palibe chachitika. Kamamangidwa ndi mabawuti awiri. Ambiri auzidwa kuti pampu yonse yatha chifukwa cha kanthu kameneka.

Pakati pa makilomita 250,000 ndi 350,000 ndi pamene pali chigamulo chenicheni, chifukwa zinthu zimene zinakhala chete zaka khumi zimayamba kutha motsatizana. Ma injekita ngati sanasinthidwe kale, kilatchi, lamba wa timing wachiwiri pa 300,000, ma ball joint ndi ma bush akutsogolo, mashokapu, centre bearing ya propshaft, ma seal a ekiselo yakumbuyo amene akadontha amanyowetsa mabuleki ndi oyilo wa difu, redieta imene pulasitiki yake yapamwamba imayamba kung'aluka, mwinanso turbo. Njira yolowera mpweya imakhala itatsekeka ndi mwaye wa EGR (valavu imene imabwezera utsi wina mu injini), yofunika kumasula ndi kutsuka. Palibe chimodzi mwa izi chimene chikutanthauza kuti galimoto yatha. Ndi zinthu zosinthidwa, ndipo sipeya zake zimapezeka ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu popanda kudikira mwezi, zomwe eni mapikapu ena sanganene. Kungoti zikabwera zonse m'zaka ziwiri, thumba limamva.

Apa pali njira ziwiri zanzeru. Yoyamba ndi kugulitsa cha m'ma 220,000 mpaka 250,000, galimoto ikadali ndi mtengo ndipo mndandanda uja usanayambe. Imeneyi ndi ya munthu amene galimoto ikaima tsiku limodzi ntchito yonse yaima: wonyamula mkaka, nkhuku, mankhwala, kapena kontilakita wokhala ndi tsiku lomalizira ntchito. Yachiwiri ndi kulowa m'mndandandawo mwadala, kukonza zonse ndi sipeya zenizeni, kenako n'kuisunga makilomita ena 150,000 kapena kuposa kuti ndalamazo zibwerere. Choipa kwambiri ndi cha pakati, chimenenso ambiri amachita: kugula ma injekita, kilatchi ndi matayala, kenako centre bearing ikalira n'kutopa nayo n'kugulitsa. Wogula sawonjezera mtengo molingana ndi zimene mwaikamo. Mwangomukonzera galimoto mnzanu.

Zimene zimatsekadi nkhani ndi zina. Chasisi ndiye choyamba. Pikapu ya single cab inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, amene ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo ya double cab imanyamula ochepera pamenepo mukawerengera anthu okhala mkati. Tonse taonapo Hilux itasenza matumba 35 ndi anthu pamwamba. Eni ake amaonjezera masipuling'i kuti isagwade, koma sipuling'i yoonjezera siilimbitsa chasisi. Imangotumiza kugunda konse kwa mabampu ku chitsulo. Ming'alu imayambira pafupi ndi pomangira masipuling'i akumbuyo ndi pakati pa kabu ndi bodi. Imani chapatali muyang'ane mpata wa pakati pa kabu ndi bodi: ukakhala wotseguka pamwamba kuposa pansi, chasisi yapindika. Kuwotcherera kumagwira kanthawi, koma mng'alu umakonda kubwerera pambali pa chowotchereracho. Galimoto zochokera ku UK zili ndi vuto lina, dzimbiri, chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nyengo yozizira. Dzimbirilo limadya chasisi kuchokera mkati. Lowani pansi ndi kahamala, gogodani m'mbali monse, makamaka cha kumbuyo; chitsulo chabwino chimalira, chodyeka chimangoti phu n'kugwetsa makoko. Penti yakuda yatsopano pansi pa galimoto yakale ikuchititseni kugogoda kwambiri.

Chachiwiri ndi injini imene inawirapo kwambiri. Hedi yake ndi ya aluminiyamu, ndipo ikapindika kapena kung'aluka, madzi amayamba kuchepa popanda podontha, paipi ya redieta imalimba ngati tayala injini ikangolira, nthawi zina thovu limaoneka m'kabotolo ka madzi. Zambiri zimayamba ndi kuthira madzi a pa mjigo m'malo mwa coolant wapinki uja, amene amayenera kusinthidwa koyamba pa 160,000, kenako pa 80,000 alionse. Hedi imasinthika, koma musanalipire yezetsani compression, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya. Silinda iliyonse iyenera kupereka ma kPa 2,000 kapena kuposa, ndipo kusiyana kwa masilinda kusapitirire 500. Ikapereka zimenezo, pansi pa injini ndi pabwino ndipo kukonza kuli ndi phindu. Ikalephera, mukukamba za ovaholo yonse, ndipo ovaholo ya D-4D yochitikira pansi pa mtengo, ndi ma pisitoni osadziwika kochokera, kawirikawiri siifika patali. Chasisi ikakhala yabwino, kuikamo injini ina yathunthu kumaposa kutsegula yonokayo. Chasisi ndi injini zikadwalira limodzi, gulitsani monga ilili, ngakhale kwa ophwasula.

Kumbali ya ndalama, chimene chasintha masamu onse ndi kwacha. Inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo galimoto yolowa m'malo mumaigula pa mtengo wotsatira dola, kuonjezapo msonkho wa ku MRA. Sipeya nazo zakwera, inde, koma ma injekita anayi ndi kilatchi ndi kachigawo chabe ka mtengo wa pikapu ina. Ndipo inayo ndi yotani? Ngati ndi Hilux ya mtundu wotsatira, ya 2.4 kapena 2.8 ya injini ya GD, mwapezadi zina: mphamvu ya 110 kW pa 2.4, tcheni m'malo mwa lamba wa timing, mkati mwabata. Koma nayonso siifuna dizilo wakuda, ndipo zochokera ku Ulaya ndi Australia zimakhala ndi DPF, sefa ya utsi imene imatsekeka galimoto ikamangozungulira m'tauni. Ngati inayo ndi D-4D inzake yongolembedwa makilomita ochepa, ganizani kawiri. Nambala ya pa dashibodi imabwezedwa mosavuta. Ndipo wina akakuuzani kuti Hilux ya 2010 ndi ya ku Japan, dziwani kuti Toyota inasiya kugulitsa Hilux m'dzikolo mu 2004 n'kudzayambiranso mu 2017. Za mtundu uwu zimene zili kuno zinapangidwa ku Thailand kapena ku Durban. Mukhoza kusinthanitsa galimoto imene mukudziwa matenda ake onse ndi ina imene ili pakhomo pa mndandanda womwe uja.

Kuti musagamule ndi mkwiyo wa tsiku limene yakusiyani pa msewu, sungani kope m'galimoto. Lembani ndalama iliyonse yokonzera, kupatula mafuta, oyilo, matayala, inshuwalansi ndi COF, poti zimenezo galimoto ina iliyonse idzafunanso. Lembaninso tsiku lililonse limene yagona ku galaja, ndi ndalama imene munalipira pochita hayala ina kapena imene munataya. Pakatha miyezi 12 phatikizani, mugawe ndi 12, muyerekeze ndi zimene mungamalipire pa mwezi ku banki mutatenga ngongole ya pikapu ina. Chaka chimodzi chokwera sichikwanira, chifukwa chikhoza kukhala chaka cha ma injekita. Zaka ziwiri zotsatizana, zinthu zomwe munakonza kale zikubwereranso, ndiye ikani pa msika. Kope lomwelo, pamodzi ndi malisiti a lamba, ma washa ndi ma injekita, mudzalionetse kwa wogula mukamakambirana mtengo.