Nyenyezi zitatu basi: masamu imawatha koma mapepala mudzalimbana nawo nokha

Chaka chino fomu yanga ya msonkho ndalemba ndi app imeneyi yothandiza kuwerengera msonkho, ndiye ndati ndiyankhulepo poti otsatsa ake amanena ngati ungojambula malisiti kenako nkukagona, ayi ndithu sizili choncho.

Ine ndili pa ntchito yolembedwa, msonkho wa pa salale uja wa PAYE abwana amadula mwezi ndi mwezi, kumeneko kulibe nkhani. Chimene chimandipweteketsa mutu ndi maganyu anga ojambula zithunzi kumapeto kwa sabata, chifukwa ndalama imeneyo ndiyenera kuinena ndekha.

Ndiyambe ndi zabwino. Yandiphunzitsa chinthu chimene zaka zonsezi sindimachimvetsa, choti msonkho umapita m'magawo, gawo loyamba la ndalama zako limadulidwa pang'ono kapena osadulidwa n'komwe, ukamakwera peresenti imakweranso koma pa ndalama yokhayo yomwe yalowa gawo lapamwambalo. Ndiye poti salale yanga inadya kale magawo apansi aja, ndalama ya maganyu imakakhala pamwamba penipeni ndipo imadulidwa kwambiri. Inandionetsa pa kachithunzi kamitundumitundu, ndinangoti ooh, nchifukwa chake chaka chatha ndinadabwa ndi bilu ija. Kuwonkhetsa imachita mwachangu, komanso imakukumbutsa tsiku lomaliza lisanakwane kuti usalipire chindapusa. Apo ndilibe nayo mawu.

Koma malisiti aise. Anga ndimasunga mu katoni ya nsapato, ndinawakhuthulira pa mphasa Loweruka m'mawa ndikuganiza kuti pofika masana ndikhala nditamaliza, mpaka usiku ndinali pomwepo miyendo itachita dzanzi. Timalisiti ta pa makina tija timafufuta, theka la ta miyezi yoyambirira tinali titayera ngati sipanalembedwepo kanthu. Tomwe timaoneka app imawerenga mwa iyo yokha, 8 kumuyesa 3, pena kutenga nambala ya foni ya sitolo nkuiyika ngati mtengo, moti lisiti lililonse ndimayenera kuliyang'ananso ndi maso anga. Nanga phindu lojambula lili pati?

Chomwe chinandikwiyitsa kwenikweni ndi ichi. Makampani ena akamandilipira amayamba adula kaye msonkho wotchedwa withholding tax, ine kumalandira yotsalayo. Ndiye pomwe app inafunsa kuti munapeza zingati, ine ndinatsegula sitetimenti ya ku banki nkumakopera zomwe zinalowa, osadziwa kuti pamafunika ndalama yonse asanadule, kenako yodulidwayo umaiyika pena kuti ichotsedwe pa msonkho womwe ukuyenera kulipira popeza inapita kale m'dzina lako. App sinandichenjeze olo pang'ono, inangolandira nkuika kachizindikiro kobiriwira. Ndipo kuti ya withholding ija iwerengedwe pamafunika setifiketi yochokera kwa amene anakudulayo, pamenepo ndiye app singakuthandize, ndiwe wekha kumaimba mafoni ku maofesi a anthu, wina akuti wa akaunti ali pa holide, wina akuti tumizani imelo, imeloyo osayankhidwa.

Kamera nayonso. Ndinagula yatsopano chaka chathachi ndipo ndinaiyika mtengo wonse pa zowononga za bizinesi, app inavomera, mpaka kundionetsa kuti a msonkho andibwezera ndalama, ine mtima mbee, kuyamba kale kuipangira bajeti. Mwayi ndinawaonetsa achemwali anga omwe ndi akauntanti ndisanatumize. Anangoyang'ana kamodzi nkuti iwe, kamera si batire, chida chokhala zaka sumachotsa chonse chaka chimodzi, chimachotsedwa pang'onopang'ono chaka ndi chaka monga mwa malamulo a zipangizo. Anandifunsanso kuti foni yako ija data yonse umagwiritsa ntchito pojambula basi? Ndinaseka. Tinagawa ya ntchito payokha ya macheza payokha, titakonza zonsezo ndalama yobwezedwa ija inasanduka ngongole. Ndikanatumiza momwe zinaliri bwenzi tsiku lina ndikuyankha mafunso, ndipo wosaina pa fomu ndine, osati app.

Pena ndimadzifunsa kuti bwanji tikuvutika chonchi pomwe abwana ndi makampani aja onse amatumiza kale manambala awo ku boma. Ku Estonia ndi ku Denmark fomu imabwera italembedwa kale ndi a msonkho eniake, munthu kwake nkuona ngati zili bwino, kuwonjezera chomwe chasowa nkuvomereza. Enafe tikulipira app kuti itithandize kuuza boma zinthu zomwe zambiri likuzidziwa kale, koma poti si mlandu wa app ndisiyire pomwepo.

Othandiza makasitomala a app imeneyi ndiye ayi. Ndinafunsa za kamera ija pa chati, anandiyankha patatha masiku atatu, yankho lake lokopera penapake loti pitani mukafunse katswiri wa zamsonkho. Chabwino, koma pa tsamba lawo analemba kuti ndi app iyi simufunikanso katswiri.

Ngati muli pa salale yokha kapena muli ndi ndalama yochokera kumodzi, itengeni, ikukwanirani. Ngati muli ndi maganyu ngati ine, igwiritseni ntchito powonkhetsa koma wina wodziwa aonepo musanadine batani lotumiza. Malisiti ndayamba kujambula tsiku lomwelo ndagula chinthu asanafufute, ndipo zoti eni app azindidula okha ndalama yolipirira app chaka chamawa ndazimitsa, ndidzaona nthawiyo ikadzafika. Setifiketi imodzi ya withholding tax ija mpaka lero sinabwere, ndinatumiza fomu popanda iyo.