Djurgården kapena Drottningholm: tsiku limodzi ku Stockholm mulithere kuti?

Alendo ambiri amafuna kuona malo awiriwa tsiku limodzi. Mapeto ake amathera nthawi m'basi, n'kukafika ku nyumba yachifumu zitseko zikutsekedwa. Ndi bwino kusankha kumodzi.

Djurgården ndi chilumba cha m'kati mwa mzinda. Kuchokera ku T-Centralen, siteshoni yaikulu ya sitima zapansi, mumakwera tramu (sitima yoyenda mumsewu) nambala 7, ndipo kuchokera ku doko la Slussen kuli boti. Konseko tikiti ya SL, kampani yoyendetsa mabasi ndi sitima za mumzindawu, imagwira ntchito, ndipo imakhala ndi mphamvu kwa mphindi 75. Madalaivala salandira ndalama pamanja, choncho gunditsani khadi la kubanki pa makina polowa.

Yambirani ku nyumba yosungiramo chombo cha Vasa m'mawa, magulu a alendo asanaunjikane. Chombo cha nkhondochi chinamira pa 10 Ogasiti 1628 paulendo wake woyamba, chisanayende ngakhale makilomita awiri. Chinali chachitali koma chopapatiza, chitasenza mizinga 64, pomwe miyala yochikhazikitsa pansi inali yochepa. Mphepo itachipendeketsa, madzi analowera m'mazenera a mizinga omwe anali pululu. Anachivuula mu 1961 matabwa ake ali pafupifupi onse, chifukwa madzi a nyanja ya Baltic ali ndi mchere wochepa ndipo nyongolotsi zofumbula matabwa sizikhalamo. Mukayandikira kumbuyo kwake mudzaona mikango iwiri yosema itagwira chizindikiro cha ufumu. M'nyumbamo muli kamdima ndi kachisanu kuti matabwa asaonongeke, ndiye tengani juzi ngakhale kunja kukuwala.

Masana kwerani ku Skansen, malo omwe Artur Hazelius anatsegula mu 1891. Kuli nyumba zakale pafupifupi 150 zomwe anazigumula m'zigawo zosiyanasiyana za Sweden n'kuzimanganso pano, kuli amisiri ouzira galasi, ophika buledi ndi zimbalangondo. Malowa ali paphiri, amafuna maola atatu kapena kuposerapo ndi nsapato zafulati. M'chisanu zimbalangondo zimakhala zili m'tulo, musalonjeze ana. Vuto la Djurgården ndi thumba: khomo lililonse lili ndi tikiti yake. Popumira paulere ndi munda wa Rosendals, pansi pa mitengo ya maapulo.

Drottningholm, nyumba yachifumu ija, ndi nkhani ina. Ili pa chilumba cha Lovön m'nyanja ya Mälaren. Njira yotchipa ndi sitima yapansi ya mzere wobiriwira mpaka Brommaplan, kenako basi 176 kapena 177. M'miyezi yofunda kuli boti lonyamukira pafupi ndi Stadshuset (holo ya mzinda) lomwe limayenda pafupifupi ola limodzi, koma tikiti yake ndi yapadera. Nyumbayi inayamba kumangidwa mu 1662 yakale itapsa, banja lachifumu limakhalamo kuyambira 1981, ndipo UNESCO inailemba m'kaundula wake mu 1991.

Kwa wokonda minda, kuno n'kumene kuli phindu, ndipo kulowa m'mundamo n'kwaulere chaka chonse. Kuseri kwa nyumba kuli munda wa mizere yowongoka, zitsamba zodulidwa ngati makoma ndi akasupe. Ziboliboli zake ndi zofanizira za mmisiri Adriaen de Vries; zina mwa zenizenizo asilikali a Sweden analanda ku Prague mu 1648. Mukapatukira kumpoto mizere imatha, pamabwera madamu, timilatho ndi udzu woti n'kuyalapo nsalu. Musaphonye nyumba ya zisudzo ya 1766: makina ake amatabwa ndi zingwe, osinthira zithunzi za pa siteji ndi kupangira phokoso la bingu, akugwirabe ntchito. Koma Kina slott, kanyumba kofiira komangidwa mwa Chitchaina, amakatsegula m'miyezi yofunda yokha.

Ngati ndi ulendo woyamba, muli ndi ana, kapena kukugwa mvula, pitani ku Djurgården, chifukwa pobisala mpambiri. Drottningholm isungireni tsiku ladzuwa pakati pa Meyi ndi Seputembala, mutanyamula kamba. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 3 koloko masana, akasupe amakhala atatsekedwa, ndipo mphepo yochokera ku Mälaren imalasa mpaka m'mafupa.